Wogulitsa tikiti aonetsenso khomo

Tsiku lomwe kampani yopanga masewera a pa intaneti yatulutsa gawo latsopano la gemu yake, funso limodzi limamveka m'zinenero zambiri nthawi imodzi: kodi ndiyambire pati? Munthu walipira ndalama, wadikira maola angapo kuti gemu ilowe m'kompyuta, koma akatsegula amangopezeka ali pomwe adasiyira mwezi watha, ndipo dziko latsopano lomwe wagulalo silikuoneka.

Mwina ena mwa awerengi athu, makamaka makolo, mudabwa kuti nkhani yotereyi ikufuna chiyani patsamba lino. N'zoona kuti magemu akuluakulu omwe titchule pano amafuna kompyuta yamphamvu, intaneti yosadukaduka komanso khadi yakubanki yolipirira m'ndalama zakunja, zinthu zomwe sizipezeka m'nyumba zambiri. Koma ana athu amawaonera pa YouTube ndi TikTok, abale awo omwe ali ku Johannesburg kapena ku London amawasewera, ndipo nzeru zomwe makampaniwa adayamba nazo pa kompyuta zidalowa kale m'magemu a m'mafoni omwe akudya mabandulo m'makomomu. Choncho nkhaniyi ikukhudza thumba lanu komanso nthawi ya mwana wanu.

Tiyambe ndi gemu yomwe idatchukitsa zonsezi. World of Warcraft idatuluka mu November 2004 kuchokera ku kampani ya Blizzard Entertainment ya ku California m'dziko la America. M'gemuyi, anthu zikwizikwi amalowa m'dziko limodzi longopeka lotchedwa Azeroth, aliyense ali kunyumba kwake. Pofika mu 2010, anthu olipira mwezi ndi mwezi kuti azisewera adakwana 12 miliyoni.

Wosewera sangoyendayenda chisawawa. M'dzikomo muli anthu oyendetsedwa ndi kompyuta omwe amatuma osewera ntchito: kapereke kalata kwa mkulu wa asilikali, kathamangitse zilombo zomwe zikuvutitsa mudzi, kafunefune munthu wosowa. Ntchito zimenezi osewera amazitcha quest. Munthu amene ali ndi ntchito yoti akutume amakhala ndi chizindikiro cha mfuwuliro chachikasu pamwamba pa mutu wake, ndipo ukaigwira n'kumaliza, chizindikirocho chimasanduka mfunsiro, kutanthauza kuti bwera udzalandire malipiro ako. Ntchito imodzi imakutsogolera ku inzake, ndipo nkhani ya gemu imayenda motero.

Pakatha pafupifupi zaka ziwiri, kampani imatulutsa gawo loonjezera lokhala ndi malo atsopano, adani atsopano ndi ntchito zatsopano mazanamazana. Gawoli limagulidwa palokha. Mwachitsanzo, The War Within, gawo lachikhumi lomwe lidatuluka mu August 2024, linkagulitsidwa pamtengo woyambira madola pafupifupi 50, kuonjezera pa madola pafupifupi 15 a mwezi ndi mwezi. Apa mpomwe funso lija limakhala ndi mano, pakuti munthu wolipira ndalama yotere safuna kutaya usiku wonse akufunafuna poyambira.

M'zaka zoyambirira, khomo lidali lapoyera koma lopapatiza. Gawo loyamba, The Burning Crusade, lidatuluka mu January 2007 ndipo makope pafupifupi 2.4 miliyoni adagulidwa tsiku loyamba lokha. Aliyense adayenera kupita kudera lotchedwa Blasted Lands n'kudutsa pa chipata chachikulu cha Dark Portal, ndipo chipatacho chinkalola okhawo omwe adafika pa mlingo 58. Zotsatira zake, khwimbi lonse lidakaunjikana m'dera limodzi la Hellfire Peninsula, osewera n'kumalimbirana zilombo zomwezomwezo.

Kampani idatolapo phunziro. Potulutsa Wrath of the Lich King mu November 2008, idakonza makomo awiri. Wosewera ankasankha kukwera sitima yapamadzi kapena chombo chouluka chopita ku Borean Tundra, kapena china chopita ku Howling Fjord, mbali ina ya dziko lozizira la Northrend. Kuthithikana kudachepa, koma funso lidakula: ndikwere sitima iti, ndipo ikunyamukira padoko liti? Ambiri adakwera yolakwika n'kukatsikira komwe sadalinge.

Masiku amenewo mapu a m'gemu sankaloza komwe ntchito ikagwiridwe. Wosewera ankayenera kuwerenga mawu a womutumayo mosamala, kumva kuti kumpoto ndi kuti, kumwera ndi kuti, ndipo zikamukanika ankafunsa anzake pa malo olemberana mauthenga a m'gemu momwemo. Osewera akale amakumbukira ntchito ina ya m'dera la Barrens yomwe munthu wotchedwa Mankrik ankawatuma kukafunafuna mkazi wake wosowa. Malangizo ake adali osamveka bwino, moti funso lakuti mkazi wa Mankrik ali kuti lidafunsidwa kwa zaka mpaka lidasanduka nthabwala yodziwika kulikonse komwe gemuyi imaseweredwa.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo osewerawa adafunsadi. Chosangalatsa n'chakuti sadalekere pa kufunsa. Ena mwa iwo adakhazikitsa nkhokwe za pa intaneti monga Thottbot, kenako Wowhead. Osewera ankaika kapulogalamu kakang'ono m'kompyuta zawo komwe kankalemba malo omwe apezapo munthu wakuti kapena chinthu chakuti, n'kutumiza ku nkhokwezo. Mwanjira imeneyi, zomwe wapeza munthu wa ku Germany usiku zinkathandiza wa ku Brazil m'mawa. Ena adapanga mapulogalamu oonjezera monga QuestHelper, omwe ankajambula muvi pa sikirini kuloza komwe wosewera apite.

Ndipo popeza makampani amayamba ayesa gawo latsopano ndi osewera ochepa lisadatuluke, malangizo ambiri amakhala atalembedwa kale tsiku lotsegulira lisadafike. Lero lino wina amangotsegula kanema wa mphindi ziwiri pa YouTube n'kuona ndi maso ake munthu woti akamupeze ndi pomwe waima.

Blizzard itaona kuti anthu ake akudalira thandizo lakunja, idayamba kulilowetsa m'gemu. Mu December 2009 mapu adayamba kusonyeza malo ogwirira ntchito iliyonse. Mu 2010, ndi gawo la Cataclysm, m'mizinda ikuluikulu mudaikidwa zikwangwani zouza wosewera dera loyenera mlingo wake ndi munthu woti akaonane naye. M'magawo otsatira, ntchito yoyamba idayamba kungotulukira yokha pa sikirini munthu akangolowa.

Komabe vuto lina lidabadwa chifukwa cha ukalamba wa gemuyo. Pofika mu 2020 padali patatuluka magawo asanu ndi awiri, lililonse ndi khomo lakelake, ndipo milingo idali itafika 120. Munthu watsopano, kapena wobwerera patatha zaka, ankapeza mifuwuliro yachikasu ponseponse osadziwa kuti wankhani yatsopano ndi uti. Chaka chimenecho kampani idafupikitsa milingo kuti wapamwamba akhale pa 60, idakonza chilumba chophunzirirapo atsopano chotchedwa Exile's Reach, ndipo idaika kamunthu kotchedwa Chromie m'mizinda ya Stormwind ndi Orgrimmar kuti wosewera azingokauza gawo lakale lomwe akufuna kudutsamo. Ntchito za nkhani yaikulu zidapatsidwanso chizindikiro chosiyana ndi cha ntchito zapambali.

Makampani ena adatsata njira zawo. Mu Final Fantasy XIV, ya kampani ya Square Enix ya ku Japan, khomo silisowa chifukwa nkhani yonse ndi chingwe chimodzi, ndipo ntchito zake zili ndi chizindikiro chawochawo. Vuto lake ndi kutalika kwa chingwecho. Munthu amene wagula Dawntrail, gawo la mu 2024, sangaponde m'dziko latsopanolo asadamalize nkhani ya magawo onse am'mbuyo, ulendo wa ntchito mazana ambiri womwe umatenga miyezi kwa munthu wosewera madzulo okha.

Khomo limodzi lili ndi tsoka lakenso. Mu June 2017, pomwe gawo la Stormblood linkatsegulidwa, aliyense adayenera kulankhula ndi mkulu wa asilikali wotchedwa Raubahn kuti nkhani ipitirire. Makina a kampani adalephera kusenza chikhamucho, ndipo anthu adakakamira pamenepo kwa masiku. Pa maseva ena osewera adachita kupanga mzere mwaulemu, ngati pachigayo, kudikira kuti aliyense ayese mwayi wake. Mu December 2021, anthu atachulukanso pa gawo la Endwalker, kampaniyi idayamba yaimitsa kugulitsa gemuyi kwa kanthawi. Ife tikuona kuti pamenepa idachita chilungamo, chifukwa kupitiriza kugulitsa matikiti basi itadzaza ndi kuba.

Kumbali inayo kuli kampani ya FromSoftware, ya ku Japan komweko, yomwe imabisa khomo mwadala. Gawo loonjezera la Elden Ring lotchedwa Shadow of the Erdtree lidatuluka mu June 2024 ndipo makope 5 miliyoni adagulidwa m'masiku atatu. Kuti ulowemo, uyenera kugonjetsa adani awiri ovuta, Radahn ndi Mohg, kenako kukhudza dzanja lofota lomwe lalendewera m'chipinda cha Mohg. Pa mapu palibe muvi wokulozera kumeneko, ndipo malo a Mohg ali pansi pa nthaka, kobisika. Gawoli litatsala pang'ono kutuluka, ziwerengero za pa Steam zinkasonyeza kuti oposa theka la osewera adali asadamugonjetse Mohgyo.

Pakati pa osewera pali mkangano wakale pa nkhaniyi. Ena amati muvi wolozera udaononga gemu: anthu adasiya kuwerenga, adasiya kufunsana, ndipo amangothamangira chizindikiro ngati mbuzi yotsata msipu, osadziwa n'komwe chomwe atumidwira. Maganizo amenewa ali ndi owatsatira ambiri, moti Blizzard itatulutsanso gemu yake yakale mu August 2019 pa dzina la World of Warcraft Classic, yopanda zolozera zambiri zija, anthu adakhamukirako mpaka kudikira maola kuti alowe. Ena amati munthu wogwira ntchito, wa banja, amene ali ndi ola limodzi lokha madzulo, sangalitayire pa kusochera.

Ife tikuti mbali zonse zili ndi mfundo, koma zikusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Chinsinsi cha m'kati mwa gemu ndi gawo la masewera, monga momwe ndagi ilili yokoma chifukwa yankho silioneka msanga. Amene amakonda kufufuza asiyidwe afufuze. Koma zomwe munthu ayenera kukwaniritsa kuti ayambe kugwiritsa ntchito chinthu chomwe wagula sizoyenera kukhala chinsinsi. Ngati gawo latsopano likufuna kuti munthu akhale pa mlingo wakuti, kapena amalize nkhani ya maola mazana, zimenezo zilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pamalo pomwe akulipirira, asadatulutse ndalama. Kuzinena kwa atolankhani kapena kuzibisa m'timalemba tating'onoting'ono ta pansi sikokwanira, pakuti agogo kapena amalume omwe akugulira mwana mphatso sawerenga nkhani za magemu.

Tikutero chifukwa pomwe pali chisokonezo pamakhalanso malonda. Makampani omwewa amagulitsa njira zachidule. Blizzard imagulitsa mwayi wokweza mlingo nthawi imodzi, ndipo Square Enix imagulitsa mwayi wodumpha nkhani zakale. Sitikunena kuti njira idatalikitsidwa mwadala kuti anthu agule yachidule, koma kampani yomwe ikupindula ndi kutopa kwa makasitomala ake siingakhale yachangu kuchotsa chotopetsacho. Wogula ayenera kudziwa zimenezi.

Choipa kwambiri ndi pomwe khomo lachotsedweratu. Mu November 2020, kampani ya Bungie idachotsa mu Destiny 2 nkhani yoyambirira ya Red War pamodzi ndi magawo ena omwe anthu adagula ndi ndalama zawo. Osewera atsopano adayamba kufikira pakati pa nkhani osadziwa mutu wake, ndipo akale adazindikira kuti pa intaneti umatha kulipira chinthu koma osakhala chako. Ili ndi phunziro loti aliyense wogula za pa intaneti alisunge.

Tsono tibwere ku foni yomwe ili m'manja mwa mwana wanu. Genshin Impact, gemu ya ku China yomwe idatuluka mu 2020 ndipo imaseweredwa pafoni, imalandira zatsopano pafupifupi milungu isanu ndi umodzi iliyonse. Dera la Inazuma litatsegulidwa mu 2021, wosewera adayenera kufika pa mlingo 30 ndi kumaliza nkhani zam'mbuyo kuti akafikeko. Magemu monga Free Fire ndi PUBG Mobile amayendera nyengo, iliyonse ndi ntchito zake ndi mphoto zomwe zimatha pa tsiku loikika. Kulowa n'kwaulere, koma kadontho kofiira kapena kamfuwuliro ka pakona ya sikirini kamaitana tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri kamakufikitsa ku sitolo ya m'gemumo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Izi sizongoganizira. Mu December 2022, kampani ya Epic Games, eni ake a Fortnite, idavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu yomwe bungwe la boma la America loteteza ogula la Federal Trade Commission lidaiimba. Mwa ndalamazi, madola 245 miliyoni adali obwezera anthu omwe adagulitsidwa zinthu mosafuna chifukwa cha mabatani osokoneza, ndipo zotsalazo zidali chindapusa chophwanya lamulo loteteza zinsinsi za ana. Ngati dzanja lolozera njira lingathe kulozanso ku thumba la kholo, ndi bwino kholo lidziwe komwe likuloza.

Palinso akathyali omwe amadyera pa funso lomweli. Mwana wosochera m'gemu amakhulupirira msanga mlendo amene wamulonjeza kumutsegulira gawo latsopano kapena kumupatsa ndalama za m'gemu zaulere. Mlendoyo amapempha pasiwedi, kapena amatumiza linki yoti mwana alembepo nambala ya foni ndi nambala yachinsinsi. Mapeto ake akaunti imapita, nthawi zina pamodzi ndi ndalama za pafoni ya mayi ake. Lamulo lake ndi lomwe lija timauzana pa nkhani ya ndalama za pafoni: wothandiza weniweni safunsa nambala yachinsinsi.

Tisanamizane, m'kufunafuna khomoku muli zabwino zomwe makolo sayenera kuzinyoza. Mwana amene akufufuza poyambira ntchito yatsopano akuwerenga Chingerezi mofuna yekha, akuwerenga mapu, akufananiza malangizo a anthu awiri kuti aone olondola, ndipo akuphunzira kuona deti ya zomwe akuwerenga, pakuti malangizo a mu 2010 amasocheretsa munthu m'gemu yomwe yasintha kakhumi. Luso limeneli ndi lomwe lidzamuthandize pofunafuna malo a sukulu kapena ntchito pa intaneti. Komanso nkhokwe zija zidamangidwa ndi anthu osadziwana omwe adagawana zomwe akudziwa kwaulere, umboni woti mutu umodzi susenza denga ngakhale m'dziko longopeka.

Chomwe chimafuna diso la kholo ndi nthawi. Magemu amenewa adakonzedwa kuti asamathe: ukamaliza ntchito imodzi, mfuwuliro wina wayaka kale patsogolo. Mu 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuti kusewera magemu mosadziletsa kulowe m'ndandanda wake wa matenda, ndipo ndandandawo udayamba kugwira ntchito mu 2022. Bungweli lidanenetsa kuti vutoli limakhudza ochepa mwa osewera, omwe afika posiya sukulu, ntchito kapena kudzisamalira kwa nthawi yaitali. Dziko la China lidasankha nkhwangwa: mu 2021 lidalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi.

Ife sitikupempha lamulo lotere, ndipo sitikhulupirira kuti kulanda foni ndi kukalipa kumathetsa nkhani. Mwana woletsedwa kunyumba amakasewerera kwa mnzake kapena m'kanyumba ka magemu kumsika, komwe kulibe womuyang'anira. Chomwe tikupempha n'chapafupi. Bambo, mayi, khalani pansi ndi mwana wanu Loweruka lino mumufunse kuti gemu yomwe akusewerayo ikumutuma chiyani, akufunsa ndani akasochera, ndipo chomwe akufuna kugulacho adzayamba kuchigwiritsa ntchito liti. Mudzadabwa kuti ali ndi zambiri zoti akuuzeni, ndipo m'mayankho akewo mudzamva ngati pali mlendo amene akumuzungulira.

Musadalipire gawo lililonse loonjezera, funsani ngati likufuna gemu yoyamba, mlingo womwe likufuna komanso ngati pali ndalama ya mwezi ndi mwezi. Onaninso nambala ya zaka yomwe imalembedwa pa gemu. Ku Ulaya, World of Warcraft adaiika pa zaka 12, pomwe Elden Ring adaiika pa zaka 16. Manambala amenewa sadalembedwe ngati chokongoletsa. Ndipo foni yomwe ili ndi ndalama za banja isamakhale yotsegula m'manja mwa mwana.

Kwa achinyamata tikuti, funsani, koma sankhani womufunsa. Yambani mwawerenga zomwe gemu yakuuzani, pakuti nthawi zambiri yankho limakhala m'mawu omwe mwawadumpha mothamanga. Mukalipeza khomo, muonetseni mnzanu mosamunyoza, chifukwa inunso mudali mlendo dzulo. Ndipo kumbukirani kuti mfuwuliro wachikasu uja udzakhalapo mawa ndi mkuja, pomwe tsiku la mayeso silidikira munthu.

Eni tinyumba ta magemu m'misika yathu nawonso ali ndi mbali yawo. Mwana wovala yunifolomu nthawi ya sukulu si kasitomala, ndipo gemu ya akuluakulu si yoikira mwana wa Sitandade 4 chifukwa choti wabwera ndi ndalama. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Makampani a ku California ndi Tokyo mwina sadzamva mawu a tsamba lino, koma mbiri yomwe tafotokozayi ikusonyeza kuti amasintha osewera akadandaula ndiponso ogula akaumira thumba. Zikwangwani za mu 2010 ndi Chromie wa mu 2020 zidabwera chifukwa anthu adatopa kusochera ndipo adanena. Choncho banja lililonse ligwiritse mfundo imodzi: ndalama isatuluke m'nyumba mpaka wogulitsa atanena momveka kuti khomo lili pati, ndipo kukafikapo kudya nthawi ndi ndalama zingati.